NAMBALA YAIKULU NAYONSO IRI NDI PFUKO LACE

Mlendo akafika pamudzi, akulu samuthawa, ndiponso samugwadira. Amampatsa mpando, namfunsa kumene wacokera, dzina la atate wace ndi la mai wace, ndi ciwongo cace. Akayankha kuti ndiye Phiri, kapena Banda, kapena Mwale, pomwepo adziwa pomuika. Lero ndifuna kuti ticite cimodzimodzi ndi nambala yaikulu.

Ambiri a ife tikaona nambala yaitali pa pepala la malipiro, pa kalata ya ngongole kapena m'nyuzipepala, maso amangolumpha, ndipo timabvomereza ciri conse cimene kalaliki walemba. Mantha otere amataitsa ndalama. Koma nambala iri yonse, ingatalike cotani, iri ndi makolo ace ndi pfuko lace, ndipo munthu wodziwa kuifunsa mafunso owerengeka angathe kuizindikira bwino lomwe, ngakhale analekeza sukulu panjira. Tengani pensulo ndi kapepala, tiyendere pamodzi.

MLENDO WATHU WA LERO

Nambala imene tiifunse ndi iyi: 1,747,152. Poichula timati miliyoni imodzi, zikwi 747, ndi 152. Si nambala yongopeka ai. M'caka ca 2010 Boma linacita kalembera wa anthu onse a m'Zambia, ndipo a ofesi ya ciwerengero, imene pa nthawi imeneyo inkachedwa Central Statistical Office, anapeza kuti m'boma la Lusaka munali anthu 1,747,152. M'kati mwa nambala imeneyi muli a ku Kabwata ndi a ku Chelstone, a ku Woodlands ndi a ku Kabulonga, ndiponso amai ogulitsa ndiwo pa msika wa Longacres. Mzinda wakula cicokere nthawi ija, pakuti kalembera wa 2022 anapeza kuti anthu a m'Lusaka apitirira mamiliyoni awiri. Koma nambala sikalamba monga akalamba anthu. Zimene zinali zoona za 1,747,152 m'caka ca 2010 ziri zoona leronso.

Poyamba tiyese kukula kwace. Tiyerekeze kuti munthu waima pa mphambano yozungulira ya pa Longacres, pamene pacokera mseu wa Alick Nkhata, ndipo anthu onsewa alikupita pamaso pace mmodzi mmodzi, munthu mmodzi pa sekondi iri yonse. Akapanda kugona, kudya kapena kupuma, adzatha kuwawerenga atapita masiku 20 ndi maora 5 ndi mphindi 19. Akamagwira maora 8 okha pa tsiku, monga shifiti ya ku mgodi, adzatsiriza pa shifiti ya 61. Ndiko kukula kwa mlendo wathu. Tsopano timfunse mafunso.

MAFUNSO A PAKHOMO

Funso loyamba ndi ili: kodi anthu amenewa angaime awiri awiri popanda wotsala yekha? Sikufunika kugawa nambala yonse. Yang'anani cilembo ca kumapeto cokha. Cikakhala 0, 2, 4, 6 kapena 8, nambalayo igawika ndi 2. Yathuyi itha ndi 2, cotero onse apeza anzao, magulu awiri a anthu 873,576.

Nanga anai anai? Apa yang'anani zilembo ziwiri za kumapeto, ndizo 52. Popeza 52 agawika ndi 4, nambala yonse igawikanso ndi 4. Pofuna kudziwa za 8, yang'anani zilembo zitatu: 152 ndi 8 kuculukitsa ndi 19, cotero 8 alowamo. Ndi 16 yemwe alowa. Mzinda wonse ukanakwera mabasi ang'ono a anthu 16 basi iri yonse, pakanafunika mabasi 109,197, ndipo sipakanatsala mpando wopanda munthu, kapena munthu wopanda mpando. Koma 5 ndi 10 salowa, cifukwa nambala yogawika ndi 5 iyenera kutha ndi 0 kapena 5.

Funso la 3 ndi la 9 liri ndi njira yace yokondweretsa. Onkhetsani zilembo zonse: 1 ndi 7 ndi 4 ndi 7 ndi 1 ndi 5 ndi 2 zipanga 27. Popeza 27 agawika ndi 3 ndi 9 yemwe, nambala yonse igawika ndi 3 ndi 9. Ena akaona njira iyi amayesa ngati matsenga, koma cifukwa cace ncapafupi. Khumi ndi 9 kuonjezapo 1. 100 ndi 99 kuonjezapo 1. 1,000 ndi 999 kuonjezapo 1. Comweco 7,000 ndi magulu 7 a 999, amene agawika ndi 9 bwino bwino, ndi 7 wotsala pambali. Cilembo ciri conse cisiya cotsala colingana ndi mwini wace, ndipo poonkhetsa zilembo tirikuonkhetsa zotsalazo.

Acinyamata okonda mpira angafunse za 11. Onkhetsani cilembo coyamba, kulumpha cimodzi, kutenga cotsatira, kufikira kumapeto: 1 ndi 4 ndi 1 ndi 2 zipanga 8. Onkhetsaninso zimene munalumpha zija: 7 ndi 7 ndi 5 zipanga 19. Kusiyana kwa 19 ndi 8 ndi 11. Kusiyana kumeneku kukakhala 0, kapena 11, kapena 22, nambalayo igawika ndi 11. Motero Lusaka yense wa 2010 akanapanga matimu a mpira 158,832, popanda wina wokhala pa benchi.

Koma 7 akana. Pa nthawi ya kalembera uja boma la Lusaka linali ndi madera 7 osankha aphungu a Nyumba ya Malamulo: Chawama, Kabwata, Kanyama, Lusaka Central, Mandevu, Matero ndi Munali. Wina akanafuna kuti maderawa alingane ndendende, liri lonse likanalandira anthu 249,593, ndipo munthu mmodzi akanatsala wopanda kolowera.

MAKOLO A NAMBALA

Mafunso amenewa ationetsa kuti nambala ziri za mitundu iwiri. Ziripo zina zimene zigawika, monga 12, amene ali 3 kuculukitsa ndi 4. Ziriponso zina zimene sizilola kugawidwa ndi nambala ina iri yonse, koma ndi 1 ndi mwini wace yekha. Zoterezi ndizo 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23 ndi zinzace. Aphunzitsi a masamu pa Cingerezi amazicha prime. Ife pano tiziti nambala zosagawika. Akatswiri anapangana kuti 1 asawerengedwe m'gulu limeneli. Nambala zosagawikazi ndizo makolo a nambala zina zonse, pakuti nambala yogawika iri yonse ibadwa poculukitsa zosagawika.

Tiyeni tipeze makolo a mlendo wathu. Gawani 1,747,152 ndi 2, mupeza 873,576. Gawaninso ndi 2, mupeza 436,788; kacitatu, 218,394; kacinai, 109,197. Apa 2 watha mphamvu, cifukwa nambala yatha ndi 7. Gawani ndi 3, mupeza 36,399; gawaninso ndi 3, mupeza 12,133. Zilembo za 12,133 zionkhetsa 10, cotero 3 nayenso watha. Tsono 5 ndi 7 salowa, koma 11 alowa, natisiyira 1,103.

Nanga 1,103 agawika? Sikufunika kuyesa nambala zonse kufikira cikwi. Ngati nambala ibadwa mwa ziwiri, imodzi ya izo iyenera kukhala yaing'ono. Ndipo popeza 34 kuculukitsa ndi 34 apanga 1,156, amene apitirira 1,103, tingoyesa zosagawika zocepera 34. Yesani 13, 17, 19, 23, 29 ndi 31, ndipo mudzaona kuti iri yonse isiya cotsala. Comweco 1,103 ndi nambala yosagawika, kholo lalikulu la banja limeneli.

Mbiri yonse ya mlendo wathu nayi:

1,747,152 = 2 × 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 11 × 1,103

Cinthu cacikulu koposa m'nkhani yathu yonse ndi ici: palibe njira ina. Wa ku Kitwe angayambe ndi 11, wa ku Chipata angayambe ndi 3, wa ku London angagwiritse nchito kompyuta, koma onse adzatsiriza ndi makolo omwewa, 2 kanai, 3 kawiri, 11 kamodzi ndi 1,103 kamodzi. Palibenso nambala ina pa dziko lonse imene iri ndi makolo amenewa. Maziko a lamulo limeneli ali m'buku la Euclid, amene anaphunzitsa ku Alexandria zaka ngati 300 Yesu asanabadwe, ndipo Carl Friedrich Gauss wa ku Germany analitsimikiza kwathunthu m'buku lace la 1801. Ana athu akamaphwanya nambala m'makolo ace pokonzekera mayeso ocokera ku Examinations Council of Zambia, imene maofesi ace ali pa Longacres pomwepo, alikugwiritsa nchito lamulo lomweli.

NZERU IMENEYI SI YACILENDO MU AFRICA

Wina asayese kuti kufunsa nambala pfuko lace ndi mwambo wa Azungu okha. Alexandria, kumene Euclid anagwira nchito, ali mu Egypt. Komweko kunakhalanso Eratosthenes, wobadwira ku Cyrene m'dziko limene lero tilicha Libya, amene anali woyang'anira nyumba yaikulu ya mabuku. Iye ndiye anatisiyira njira yosefera nambala monga amai asefa ufa. Mulemba nambala zonse mu mzere. Musunga 2 ndi kufafaniza ana ace onse, 4, 6, 8 ndi ena. Musunga 3 ndi kufafaniza ana ace. Kenaka 5, kenaka 7. Zimene zitsala m'sefa ndizo zosagawika. Pakati pa 1 ndi 100 zitsala 25, ndipo pakati pa 1 ndi 1,000 zitsala 168.

Kuli cinthu cina cakale koposa apa, ndipo cinapezeka kwa anansi athu a ku Congo. M'zaka za m'ma 1950, munthu wa ku Belgium dzina lace Jean de Heinzelin anafukula kapfupa pa malo ochedwa Ishango, pafupi ndi nyanja ya Edward. Akatswiri ati kapfupako kakhala zaka ngati 20,000. Pa iko pali timizere tojoba m'magulu, ndipo mzere wina uli ndi magulu a 11, 13, 17 ndi 19. Zimenezi ndizo nambala zosagawika zonse za pakati pa 10 ndi 20. Ophunzira agawikana maganizo: ena ati mwini kapfupako anadziwa zimene analikucita, ena ati analikuwerenga masiku a mwezi, ndipo nambalazi zinangogwirizana mwangozi. Koma ambiri abvomereza kuti m'mbali mwa nyanja za pakati pa Africa munali anthu owerenga mosamala kale lomwe. Kapfupako kasungidwa ku Brussels.

YOLEMERA, YOSAUKA NDI YANGWIRO

Tikadziwa makolo, zina zonse zidziwika mosabvuta. Kodi ndi nambala zingati zimene zigawa 1,747,152 popanda cotsala? Ganizani ngati mulikusankha katundu m'sitolo. Pa 2 mungatenge mmodzi, awiri, atatu, anai, kapena osatenga konse: njira 5. Pa 3 njira ziri 3. Pa 11 mungatenge kapena kusiya: njira 2, pa 1,103 cimodzimodzi. Culukitsani 5 ndi 3 ndi 2 ndi 2, mupeza 60. Cotero ziripo nambala 60 zoigawa, kuyambira 1, 2, 3, 4, 6, 8, 9, 11, 12, kufikira mwini wace.

Agiriki akale anagawanso nambala m'mapfuko atatu, ndipo Nicomachus wa ku Gerasa analemba za ici zaka ngati 100 Yesu atabadwa. Muonkhetsa nambala zonse zoigawa, kusiyako mwini wace. Zikacepa, nambalayo tingaiche yosauka: 10 agawika ndi 1, 2 ndi 5, zimene zipanga 8 yekha. Zikapitirira, ndi yolemera: 12 agawika ndi 1, 2, 3, 4 ndi 6, zimene zipanga 16. Zikalingana ndendende, ndi yangwiro: 6 ndi 1 ndi 2 ndi 3, ndipo 28 ndi 1, 2, 4, 7 ndi 14. Zangwirozi nzosowa ngati mkaka wa nkhuku. Akale anadziwa zinai zokha, 6, 28, 496 ndi 8,128, ndipo pofika caka ca 2024 zinali zitapezeka 52. Zonsezo zigawika ndi 2. Kufikira lero palibe anapeza yangwiro yosagawika ndi 2, ndipo palibenso anatsimikiza kuti kulibe.

Mlendo wathu ndi wolemera. Mungathe kuona ici ndi zigawo zitatu zokha: theka lace ndi 873,576, limodzi la magawo atatu ndi 582,384, limodzi la magawo anai ndi 436,788. Zitatuzi zipanga 1,892,748, zapitirira kale mwini wace. Zonse 59 pamodzi zipanga 3,591,792.

Funso lina ndi lakuti, kodi anthu amenewa angaime pa bwalo m'mizere, kuti kuculuka kwa mizere kulingane ndi kuculuka kwa anthu a mu mzere uli wonse, monga 25 aima mizere 5 ya anthu 5? Iai. Nambala yotere siitha ndi 2, 3, 7 kapena 8, ndiponso kholo lace liri lonse liyenera kuoneka kawiri, kanai kapena kasanu ndi kamodzi. Koma pano 11 aoneka kamodzi kokha. Mizere 1,321 ya anthu 1,321 ikanasiya anthu 2,111 kunja, ndipo mizere 1,322 ya anthu 1,322 ikanasowa anthu 532. Kuima kwabwino koposa kopanda wotsala ndi mizere 1,584 ya anthu 1,103.

Kuculuka kwa zoigawa kuli ndi nchito m'thumba mwanu. Akulu akumbukira ndalama zakale, pamene paundi inali ndi masheleni 20, ndipo sheleni makobiri 12. Paundi imodzi inali makobiri 240, ndipo 240 ali ndi nambala 20 zomgawa. Anthu atatu pogawana paundi, yense ankalandira masheleni 6 ndi makobiri 8, popanda ndeu. Mu January 1968 Zambia anayamba kugwiritsa nchito kwacha ya ngwee 100. Ndalama yatsopanoyi inapepukitsa kuonkhetsa ndi kuculukitsa, koma 100 ali ndi zomgawa 9 zokha, ndipo atatu pogawana kwacha, ngwee imodzi itsala pakati. Cifukwa comweco anthu sanasiye ora la mphindi 60, cowerengera ca ku Babylon wakale, pakuti 60 agawika ndi 2, 3, 4, 5 ndi 6. Inunso a m'cilimba, pokhazikitsa ndalama yosonkha, sankhani nambala ya zoigawa zambiri monga 120, 240 kapena 360, ndipo tsiku logawana simudzafunafuna cenji.

MWANA MMODZI ASINTHA PFUKO LONSE

Pano ndiyenera kucenjeza. Wina angamve kuti nambala ya Lusaka ndi yolemera, nayamba kunena kuti ici cilosera cuma ca mzindawo. Si conco ai. Dzina lakuti yolemera likamba za kugawika kokha. Taonani cimene cikanacitika mwana mmodzi akanaonjezeka pa kalembera uja. Nambala ikanakhala 1,747,153, ndipo 2 sakanalowa, 3 sakanalowa, 11 ndi 1,103 omwe sakanalowa, popeza yense wa iwo akanasiya cotsala ca 1. Makolo onse akale akanacoka tsiku limodzi. Ndipo akanacepa munthu mmodzi, 7 amene anakana uja akanalowa bwino lomwe. Mzinda ukanakhala womwewo, misika yomweyo, njala ndi kukhuta komweko. Pfuko la nambala lokha ndilo likanasinthika.

Cotero pfuko la nambala litiuza zoona za nambalayo, koma silinena kanthu za mawa. Munthu wogulitsa nambala za mwai pa njuga, kapena womasulira tsoka m'nambala ya foni yanu kapena ya cikwangwani ca galimoto, alikugulitsa mphepo. Nambala iyankha funso la kugawa, kuonkhetsa ndi kuculukitsa. Siidziwa dzina lanu.

Koma kuonjeza 1 kumene taona kuli ndi phindu lace kwa akatswiri. Euclid anacita nako potsimikiza kuti nambala zosagawika sizidzatha. Tiyerekeze kuti wina anena kuti wazilemba zonse. Ziculukitseni zonsezo pamodzi, nimuonjezepo 1. Nambala yatsopanoyi siigawika ndi iri yonse ya zolembedwazo, popeza nthawi zonse patsala 1. Tsono iyenera kukhala ndi kholo lina limene silinalembedwe. Motero mndandanda uli wonse, ungatalike cotani, uli wosakwanira.

Ndipo anthu sanaleke kusaka zazikulu. Mu October 2024 Luke Durant wa ku California, pogwiritsa nchito makompyuta ambiri a m'maiko osiyanasiyana, anapeza nambala yosagawika imene inaposa zonse zodziwika kufikira nthawi imeneyo. Ipezeka mukalemba 2 nthawi 136,279,841, kuwaculukitsa onse pamodzi, ndi kucotsapo 1. Iri ndi zilembo 41,024,320. Mukamalemba cilembo cimodzi pa sekondi usana ndi usiku, mudzatha caka ndi miyezi itatu musanatsirize. Ndipo cilembo ciri conse cikatenga theka la sentimita, mzere woyambira pa Longacres udzapitirira Kabwe nukafika ca ku Kapiri Mposhi.

KUYESA PEPALA LA MALIPIRO

Tibwerere ku thumba. Lamulo la 9 lija lingakuthandizeni kuyesa masamu a wina m'kamphindi. Tiyerekeze kuti munthu alandira K187 pa shifiti, ndipo wagwira mashifiti 26. Pepala linena kuti malipiro ace ndi K4,862. Onkhetsani zilembo za 187: mupeza 16, ndipo 1 ndi 6 apanga 7. Za 26 zipanga 8. Culukitsani 7 ndi 8, mupeza 56. 5 ndi 6 apanga 11. 1 ndi 1 apanga 2. Tsono onkhetsani zilembo za 4,862: mupeza 20, ndiye 2. Mbali ziwiri zagwirizana. Pepala likananena K4,762, zilembo zikanapanga 19, kenaka 10, kenaka 1. Ndipo popeza 1 sali 2, mukanadziwa ndithu kuti pali colakwa, nimukafunsa ku ofesi mwaulemu koma mosaopa.

Dziwani malire a njira imeneyi. Mbali ziwiri zikasiyana, colakwa ciripo ndithu. Zikagwirizana, kawiri kawiri masamu ali bwino, koma si nthawi zonse. Kalaliki akasinthanitsa zilembo nalemba 4,682 m'malo mwa 4,862, zilembo zionkhetsabe 20. Colakwa cotere ciri ndi cizindikiro cace: kusiyana kwa nambala ziwirizo, kumene pano kuli 180, kugawika ndi 9 nthawi zonse. Osunga mabuku a ndalama akaona kuti mabuku asiyana ndi ndalama yogawika ndi 9, amayamba kufunafuna pamene zilembo zinasinthana malo.

LOKO WOPANGIDWA NDI NAMBALA

Mlendo wathu anaulula makolo ace msanga cifukwa ambiri a iwo ndi ang'ono. Si nambala zonse ziri zofatsa cotero. Culukitsani 1,009 ndi 1,103, zonse ziwiri zosagawika, ndipo m'mphindi imodzi mupeza 1,112,927. Koma mukapatsa mnzanu 1,112,927 kuti apeze makolo ace, adzayesa 2, 3, 5, 7 ndi zina zonse 168 zocepera cikwi popanda phindu, ndipo adzapeza yankho pa kuyesa kwa 169. Kumanga nkwapafupi, kumasula nkobvuta.

M'caka ca 1903, pa msonkhano wa akatswiri a masamu ku New York, Frank Nelson Cole anaonetsa pa bolodi kuti nambala ya zilembo 21 iyi, 147,573,952,589,676,412,927, ibadwa mwa 193,707,721 ndi 761,838,257,287. Kuculukitsa ziwirizi pamaso pa anthu kunamtengera ngati ora limodzi, koma kuzipeza kunamdyera masiku a Lamulungu a zaka zitatu.

Kusiyana kumeneku ndiko kunabala loko wa masiku ano. M'caka ca 1977 akatswiri atatu ku America, Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman, anakonza njira yobisira mau imene ichedwa RSA, kutengera zilembo zoyamba za maina ao. Atenga nambala zosagawika ziwiri zazikulu kwambiri naziculukitsa. Nambala yobadwayo ailengeza poyera, ndipo ali yense angatseke nayo uthenga; koma wotsegula ndi yekhayo wodziwa makolo awiri aja. Kacitsulo kowala ka pa khadi la ku banki kagwiritsa nchito njira imeneyi posonyeza kuti khadilo si lonyenga, ndipo iri imodzi ya njira zochinjiriza mauthenga a pa intaneti. M'caka ca 2020 akatswiri anakhoza kumasula nambala yotere ya zilembo 250, koma nchitoyo inalingana ndi ya kompyuta imodzi yogwira zaka zoposa 2,000. Maloko ambiri a masiku ano ali ndi zilembo 617. Comweco malipiro a munthu wa ku Mufulira kapena ku Chingola, pamene alikuyenda kupita kwa mai wace ku Katete, alondedwa ndi nambala imene ikana kuchula makolo ace. Loko ameneyu ngwolimba, koma sathandiza munthu amene auza mlendo pa foni nambala yace yacinsinsi. Mbala zambiri zilowera pa khomo limenelo.

NCHITO YA KUNYUMBA

Ndikusiyirani mlendo wina kuti mumfunse nokha madzulo ano pamodzi ndi ana anu. Kalembera yemwe uja wa 2010 anapeza kuti m'Zambia monse munali anthu 13,092,666. Kodi nambala imeneyi igawika ndi 2? Nanga ndi 4? Onkhetsani zilembo zace, muone ngati 3 alowa, ndi ngati 9 alowanso. Yesani 11 ndi njira yolumpha ija. Mukatha apo, tengani pepala lanu la malipiro la mwezi watha, kapena kalata ya ngongole, nimuliyese ndi lamulo la 9. Mwana wa sukulu akakupambanani liwiro, musacite manyazi. Mlekeni akuphunzitseni, ndipo mwezi wa mawa muyesere pamodzi.